Ndinapita ndi amayi kukadya ku Lyon, anatipatsa chifu cha ng'ombe

Nachisale (Geneva):
Moni nonse akwathu. Ndakhala chete masiku ano chifukwa amayi anga abwera kudzandiona kuchokera ku Dedza, ndipo aka n'koyamba kukwera ndege. Loweruka lapitali ndinakwera nawo sitima kupita ku Lyon, mzinda wa ku France, ulendo wa maola awiri kuchoka kuno, kuti akadye pamalo amene eni ake amati bouchon. Ndati ndikufotokozereni, chifukwa mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi.

Bouchon si malo a anthu a masuti. Kachipinda kake n'kakang'ono, matebulo ndi a matabwa akale, othithikana moti chigongono chako chimagunda cha munthu wa tebulo linalo. Ayala nsalu za timabokosi tofiira ndi toyera, kukhoma apachika mapoto amkuwa, ndipo zakudya za tsikulo azilemba ndi choko pa bolodi ngati ku pulayimale. Tinalowa 12:30 masana, tinatuluka 3 koloko itadutsa. Munthu mmodzi ma euro 32, mbale zinayi, ina ikatha ina n'kubwera.

Yoyamba inali salade lyonnaise: masamba aawisi owawirako, tizidutswa ta nyama ya nkhumba yokazinga, tizidutswa ta buledi wouma, ndi dzira lofewa pamwamba, loti ukaliboola chikasu chake chimayenderera m'masambamo. Amayi anadya dzira ndi nyama, masamba anangolawa. Kenako anandinong'oneza kuti, "Mwanawe, chakudya chake n'chomwechi?" Ndinawauza kuti ayi, tangoyamba kumene.

Mbale yachiwiri ndi imene yandichititsa kulemba zonsezi. Mayi woperekera zakudya uja anawasankhira amayi chinthu chotchedwa tablier de sapeur. Chinabwera chachikulu ngati chikhatho, chokazinga, chofiirira kunja, pambali pali mbatatesi zowiritsa. Amayi anadula kachidutswa, anatafuna, n'kuika foloko pansi. Anati, "Ichi ndi chifu cha ng'ombe." Ndinavomera. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana mbaleyo, misozi ikulengeza.

Amake Taonga (Chipata):
Asisi, mwatisiya m'malere. Analira chifukwa chiyani? Chinawaipira?

Nachisale (Geneva):
Ayi amake Taonga, sichinawaipire. Amayi anagulitsa nsima pamsika zaka 22. Nyama ya mnofu sankaikwanitsa kupikula, ndiye ndiwo zawo zinali chifu, matumbo ndi mang'ina. Ankadzuka 4 koloko m'bandakucha kupita kophera ng'ombe, n'kubwera kudzatsuka zam'katizo m'madzi ozizira. Amene mumaidziwa Dedza mwezi wa June mukundimva. Zala zawo zinapindika chifukwa cha madzi amenewo. Fizi yanga yonse inachokera mumphika wa chifu.

Koma ine ndili ku sekondale sindinkanena zimene amayi ankachita. Anzanga akafunsa ndinkati amachita bizinesi, basi. Fungo la matumbo likandikakamira m'zovala pa holide, ndinkazichapa kawiri ndisanabwerere kusukulu. Amayi ankadziwa, sanandifunsepo. Ndiye Loweruka lija atakhala pa tebulo loyalidwa nsalu, mumzinda wa azungu, n'kuona ndiwo yawo yomwe ija ikubwera pa mbale yoyera, anthu a tebulo linalo akuidya mosangalala, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kani ndi chakudya cha anthu." Ine kudya kunandikanika kwa kanthawi.

Madalitso wa ku Joni:
Achemwali, nkhani ya amayi yandikhudza, ndipo Mulungu awapatse moyo wautali. Koma mundikhululukire ndinene zakukhosi. Ma euro 64 kulipira chifu? Ndalama imeneyo ikanapita ku Dedza ikanagula thumba la fetereza, mwina n'kutsalako. Kuno ku Johannesburg chifu amati mogodu, ndipo m'malokeshoni umadya mbale yodzaza ndi pap pa ndalama yochepa, anthu mpaka anachipatsa tsiku lake, Lolemba. Kuti munthu adziwe kuti chifu ndi chakudya cha anthu safunika kukwera sitima. Ine ndikalowa malo odyera ndimafuna ndikhute, ndilipire, ndibwerere kuntchito. Izi zopatsidwa pang'onopang'ono ngati mankhwala a kuchipatala sindizimvetsa.

Chimwemwe (Lyon):
Achimwene Mada, ine ndimakhala kuno chaka chachitatu, ndikuphunzira. Pa nkhani yokhuta musade nkhawa, mu bouchon simutuluka ndi njala. Zija za kanyama kamodzi pakati pa mbale yaikulu ndi za malo ena apamwamba. Zakudya za mu bouchon zinayamba ndi anthu a ntchito zolemetsa ngati inuyo.

Lyon unali mzinda wa nsalu za silika. Owomba nsaluzo, amene ankatchedwa canuts, ankakhala paphiri la Croix-Rousse, ankayamba ntchito kusanache, ndipo malipiro awo anali omvetsa chisoni moti anaukira mabwana awo mu 1831 ndi mu 1834. Nyama yabwino inkapita kwa amalonda olemera. Iwo ankatsala ndi chifu, matumbo, mitu, mapazi, mafuta. Chapakati pa m'mawa ankasiya ntchito n'kukadyera pamodzi chakudya chotchedwa mâchon, zam'kati za nkhumba ndi vinyo. Ine nditamva koyamba ndinakumbuka memo wa amisiri ku Ndirande, anthu kusonkherana kuti adye nkhomaliro. Ndiye mbale imene amayi anapatsidwa ija si yochita kukongoletsa kuti alendo aione. Ndi chakudya cha amphawi a kuno chimene zidzukulu zawo zinakana kuchitaya.

Asisi Nachisale, munaona botolo la vinyo lokhuthala kunsi kwake? Amati pot lyonnais, mumalowa masentilita 46. Anthu a kuno amasimba kuti owomba nsalu ankayenera kulandira theka la lita, koma mabwana anachepetsa botolo kuti pa lita iliyonse pazitsala tambula yawo.

Nachisale (Geneva):
Ndinaliona, a tebulo linalo anaitanitsa. Ife tinamwa madzi, amayi ndi a Mvano, samwa. Koma ndinawamasulira nkhani ya botoloyo chifukwa mayi woperekera uja anatiuzanso. Anapukusa mutu n'kunena kuti ogula mbewu a sikelo zobera ali paliponse.

Achimwene Mada, za fetereza mukunena zoona, ndipo chaka chino ndatumiza kale matumba atatu. Koma amayi aphikira anthu moyo wawo wonse ataimirira. Sindikumbuka tsiku limene anakhala pansi maola awiri ndi theka, wina n'kumawabweretsera chakudya, kuwachotsera mbale, kuwafunsa ngati chakoma. Zimene ndinalipira ndi zimenezo.

Madalitso wa ku Joni:
Pamenepo ndamva, achemwali. Amayi anga anamwalira ndisanawachitire zotere. Ndangokhala chete kuno.

Abiti Saidi (Leicester):
Pepani achimwene Mada. Asisi Nachisale, ine ndifunse za ife Asilamu, chifukwa ine ndi bambo a kunyumba tikuganiza zopita ku France mwezi wa April. Ndikuona mwatchula nkhumba kawiri kale. Tingapezemo choti tidye?

Chimwemwe (Lyon):
Anti, ndikuuzeni mosabisa: bouchon ndi nyumba ya nkhumba. Masoseji, andouillette imene ndi matumbo a nkhumba kapena a mwana wa ng'ombe opakira m'thumbo, tinyama ta mu saladi, mafuta okazingira, zonsezo. Ngakhale chifu chija, n'cha ng'ombe inde, koma akachiwiritsa amachiviika mu vinyo woyera asanachipake dzira ndi nyenyeswa za buledi n'kuchikazinga. Komanso nyama yake si ya halaal. Chimene mungafunse ndi quenelle ya nsomba, koma mufunsenso za msuzi wake chifukwa ophika ambiri amathiramo vinyo kapena kachasu wa mphesa. Safunsa anadya phula. Kunena zoona, mukabwera ndidzakutengerani ku Guillotière, kutsidya kwa mtsinje wa Rhône, kumene kuli malo ambiri odyera a anthu ochokera ku Algeria, Tunisia ndi Morocco. Kumeneko mudzadya mtima uli m'malo.

Abiti Saidi (Leicester):
Zikomo mwanangu, wandithandiza. Ndikulembera kumbali.

Nachisale (Geneva):
Quenelle ndi imene ndinadya ineyo. Amatenga nsomba ya brochet, yaitali ngati mcheni koma ya minga yambirimbiri, n'kuisinja, kusakaniza ndi ufa wa tirigu, mazira, batala ndi mkaka, n'kuumba ngati mtanda wa nsima. Ikalowa mu uvuni imafufuma. Inabwera ikubwata mu msuzi wofiirira wa tinkhanu ta m'mitsinje, umene amautcha dzina la tauni ya Nantua. Amayi atalawa anati, "Aka ndiye kansima kawo, koma kalibe msana." Anapempha buledi wina n'kumakombera msuzi wanga ndi dzanja. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinapeza bambo wachikulire wa tebulo linalo akuchita chimodzimodzi.

Aphunzitsi Mbewe (Kasungu):
Ana anga, ndawerenga zonse. Mundilole ndiikepo mawu, ine wachikulire pagulu pano.

Choyamba, tisaganize kuti ife tilibe dongosolo la kadyedwe. Mlendo akafika kwathu kumudzi amalandiridwa katundu, amapatsidwa mpando, kenako chikho cha thobwa kuti atsitse fumbi kukhosi. Nkhuku ikuphedwa kuseri, iye akukazingiridwa mtedza kapena chimanga. Madzi osamba m'manja amayambira kwa wamkulu. Nsima imabwera yovundikira, woperekayo atagwada, ndipo nthutumba imakhala m'mbale ya mlendo kuti adziwe kuti nkhukuyo yafera iye. Akatha kudya pamabwera nzimbe, mango kapena nthochi, nkhani zili mkati. Mukawerenga bwino, ndi magawo anayi amenewo, ndipo amatenga tsiku lonse. Kungoti sitinawalembe pa bolodi.

Chachiwiri, chimene sitingachite ndi kulekanitsa nsima ndi ndiwo. Awiriwa ndi banja. Nsima payokha siitsika, ndiwo payokha ndi kulawa chabe. N'chifukwa chake amayi anu anafunsa ngati chakudya chake chinali chomwecho. Kwa ife munthu amene wadya mpunga, nyama ndi zipatso akhoza kukuuzani kuti wagona ndi njala.

Bungwe la UNESCO linaika kadyedwe ka Afalansa pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu mu 2010. Mu 2017 linaikaponso nsima ya ku Malawi. Tili pa mndandanda umodzi. Koma ndi angati mwa ana asukulu athu amene akudziwa zimenezi?

Amake Taonga (Chipata):
Aphunzitsi mwalasa. Ife kuno mlendo wolemekezeka akabwera timathamangira kukagula soseji ya m'shopu, chikanda n'kubisa kukhitchini. Pamene mlendoyo mwina wabwerera chikanda chomwecho.

Shefu Kondwani (Lilongwe):
Nkhani iyi yandipweteka pachilonda. Ine ndaphika m'mahotela zaka 14, ndipo zimene mukukambazi ndinaziyesa ndi ndalama zanga. Ndinachita lendi nyumba yakale, ndinaika matebulo asanu ndi atatu a mlombwa, mbale zadothi zochokera ku Dedza konko, nyale za galasi. Madzulo a Lachisanu ndi Loweruka ndinkapereka magawo anayi. Poyamba supu wa maungu wothira nsinjiro. Kenako usipa wokazinga ndi kachumbari wa kambuzi. Kenako nsima ya mgaiwa, nthumbwana za mbuzi, nkhwani wotendera. Pomaliza nthochi yootcha yothira uchi, ndi kapu ya madzi a malambe.

Ndinatseka patatha miyezi 11. Azungu a m'mabungwe ankabwera, ankajambula zithunzi, ankabweranso ndi anzawo. Akwathu a ndalama ankabwera kamodzi. Wina anandiitana pa tebulo n'kundifunsa kuti, "Achimwene, ndalama yonseyi ndilipire nthumbwana zimene ndimadya pa chiwaya?" Wina anati mubweretse zonse pamodzi, tisachite kudikira ngati tili pa chigayo. Munthu yemweyo mawa lake akalipira kuwirikiza kawiri pa pizza osadandaula. Onjezanipo kuzimazima kwa magetsi, mtengo wa gasi, ndi mwini nyumba amene anakweza lendi ataona magalimoto pakhomo.

Sindikunyoza makasitomala. Nthumbwana za pa chiwaya n'zokomadi. Koma zanga ndinkatsuka ndekha maola awiri, ndinkaziphika pamoto wa makala wochepa kuyambira masana, msuzi wake ndinkausefa. Ntchito imeneyo anthu amaiona ikakhala pa chakudya chachilendo. Ikakhala pa chathu amati wangophika ndiwo.

Madalitso wa ku Joni:
Shefu, ine ndine mmodzi wa anthu amene akanakufunsani funso limenelo. Ndikuvomera. Koma taganiziraninso, munthu wa ku Lilongwe amapuma ola limodzi masana, madzulo akuthamangira minibasi kusanade. Maola atatu pa tebulo awatenga kuti?

Shefu Kondwani (Lilongwe):
Pa ukwati timakhala maola asanu tikuponya ndalama pa perekaniperekani, chakudya n'kudyera m'kabokosi chitazizira. Nthawi tili nayo, achimwene. Sitinazolowere kuipereka kwa chakudya.

Chimwemwe (Lyon):
Shefu, musataye mtima. Kuno dzina la mzindawu pa zophika linamangidwa ndi azimayi amene anali antchito a m'nyumba za olemera, kenako n'kutsegula malo awoawo. Amawatcha mères, kutanthauza amayi. Wotchuka kwambiri ndi Eugénie Brazier. Anabadwa mu 1895 kumudzi, anakula akuweta ziweto, sukulu sanapite nayo patali, anabereka mwana asanakwatiwe n'kubwera ku Lyon kudzagwira ntchito ya m'nyumba. Mu 1921 anatsegula malo ake pa rue Royale. Mu 1933 buku la Michelin, limene limapereka nyenyezi kwa malo odyera abwino koposa, linam'patsa nyenyezi zitatu pa malo amenewo ndi zitatu zina pa malo ake achiwiri a kuphiri kunja kwa mzinda. Paul Bocuse, wophika wotchuka amene anamwalira mu 2018 ndipo msika waukulu wa zakudya kuno umatchedwa dzina lake, anaphunzira ntchito m'khitchini ya mayi ameneyu. Malo a Brazier si bouchon, ndi apamwamba ndipo ndi odula, koma muzu wake ndi womwewo: mzimayi wa kumudzi, mphika, ndi zakudya zochepa zimene ankaziphika tsiku ndi tsiku mpaka palibe wom'posa.

Nachisale (Geneva):
Chimwemwe, ndawawerengera amayi zimenezi. Afunsa kuti mayiyo anali ndi ana angati, ndipo ndani ankamulerera mwana akakhala kumoto.

Nditsirize mbale ziwiri zotsala. Yachitatu inali cervelle de canut. Nditawamasulira kuti dzinalo likutanthauza ubongo wa wowomba nsalu, amayi anakankha mbale. Koma mulibe ubongo. Chili ngati chambiko cholimba, chosakaniza ndi adyo, anyezi ang'onoang'ono, masamba onunkhira, mchere ndi mafuta pang'ono, umapaka pa buledi. Atalawa anamaliza yonse, anati chawakumbutsa chambiko cha kwa agogo awo ku Ntcheu. Yomaliza inali tarte aux pralines, keke yopyapyala yofiira ngati maluwa, ya mtedza wa amondi wokutidwa ndi shuga. Inatsekemera mopitirira kwa tonsefe. Amayi anakana kuti itayidwe, ndipo mayi woperekera uja anatikulungira popanda vuto.

Abiti Saidi (Leicester):
Amalola kutenga zotsala? Ine ndinamva kuti Afalansa amaona ngati n'zamanyazi.

Chimwemwe (Lyon):
Kale zinali choncho, anti, koma kuyambira July 2021 lamulo limakakamiza malo odyera kukupatsani potengera mukapempha. Ndiwonjezere zina kwa amene angabwere. Mawu akuti menu kuno amatanthauza chakudya cha magawo cha mtengo umodzi, pamene mndandanda wonse amati carte. Entrée ndi mbale yoyamba, osati yaikulu. Madzi a pampopi mu jagi ndi buledi salipiritsa, mungonena kuti carafe d'eau. Ndalama ya woperekera ili kale mu mtengo, mukasiya kenakake ndi kufuna kwanu. Masana amaphika kuyambira 12 mpaka cha m'ma 2, kenako khitchini imatsekedwa mpaka cha m'ma 7:30 madzulo, ndipo malo ambiri abwino satsegula Lamlungu. Imbani foni kusungitsa tebulo. Bilu sabweretsa mpaka mutaipempha, chifukwa kuibweretsa msanga kuli ngati kukuthamangitsani. Ndipo ku Vieux Lyon, dera lakale la m'mbali mwa mtsinje wa Saône, si malo onse olemba bouchon pakhomo amene amaphika okha. Mukaona mndandanda wautali wa zinenero zisanu ndi munthu woitanira pakhomo, pitirirani. Funani kumene bolodi ili ndi zakudya zochepa ndipo mwakhala nkhalamba za komweko.

Aphunzitsi Mbewe (Kasungu):
Mwana wanga Nachisale, nanga munawauza amayi anu zija mwatiuza ife, za ku sekondale?

Nachisale (Geneva):
Ndinawauza mu sitima pobwerera, bambo. Ndinapepesa. Anati ankaona ndikuchapa zovala kawiri, ndipo ankandigulira sopo wina dala. Sitinalankhulenso mpaka kufika ku Geneva, anangondigwira dzanja.

Lolemba anandituma kuti ndikafune chifu. Ndinachipeza kwa wogulitsa nyama wina, chotsukatsuka mpaka kuyera ngati thaulo, ndipo amayi anadandaula kuti achichotsa kukoma. Aphikabe, tadya ndi nsima ya ufa umene anabwera nawo m'chikwama.

Shefu Kondwani (Lilongwe):
Asisi, ndili ndi pempho. Afunseni amayi mmene ankaphikira chifu chawo pamsika paja. Ndikufuna ndimve kwa mwini wake. Mbale zadothi zija sindinagulitse, zili m'makatoni kunyumba.

Nachisale (Geneva):
Ali pompano, ndikulemba mmene akunenera:

"Muwauze achimwenewo kuti chifu amagula m'mawa, ng'ombe itangophedwa, chisanagone. Akhuthule, atsuke ndi madzi ozizira katatu, asathire sopo kapena mankhwala. Akachiviika m'madzi otentha pang'ono, chakuda chija chimasendeka ndi mpeni, koma asachotse chonse, kukoma kuli pamenepo. Mafuta a m'mbali asataye. Adule zidutswa zazikulu chifukwa chimanyala. Aike mumphika wadothi ndi madzi ndi mchere basi, moto wa nkhuni wapansipansi, maola anayi, madzi akaphwa awonjezere otentha, osati ozizira. Tomato ndi anyezi zimalowa kumapeto, chikayamba kudzikazinga ndi mafuta ake omwe. Akafuna kudziwa ngati chapsa, atsine ndi zala ziwiri. Ndipo ndikabwerera mwezi wa mawa abwere ku Dedza adzaone ndi maso, zinazi sizimveka pa foni."

Shefu Kondwani (Lilongwe):
Auzeni amayi kuti ndamva, ndipo ndibwera. Chifu ndigula ndine. Munditumizire tsiku limene akufika.